Kusamalira wodwala pakhomo: mmene foni ingakupeputsireni katundu

Usiku wina, cha m'ma 9 koloko, ndinaima pakhomo la chipinda cha amayi nditagwira kabotolo ka mankhwala, ndikudzifunsa ngati amwa kale kapena ayi. Mng'ono wanga, yemwe anawasamalira masana, anali atapita ndipo foni yake sinkapezeka. Amayi nawo, chiwagwirireni sitiroko, sankakumbuka bwino za tsiku lomwelo. Ndinakhuthulira mapilitsi patebulo n'kuyamba kuwerenga, kuchotsera masiku kuyambira tsiku lomwe tinakatenga kuchipatala. Masamu anakana kawiri konse chifukwa cha tulo. Kunyamula amayi ndi kuchapa zofunda kunkanditopetsa ndithu, koma chomwe chinkandimaliza chinali mutu. Zonse zinali mwa ine ndekha: maola a mankhwala, masiku a kuchipatala, amene walonjeza kubwera, amene wakwiya poti sanauzidwe.

Anthu onga ife ndife ochuluka, ngakhale sitioneka pa ndandanda ya malipiro. Bungwe la ILO, lomwe limaona za ntchito pa dziko lonse, linanena m'chaka cha 2018 kuti tsiku lililonse anthu amathera maola 16.4 biliyoni pa ntchito yosamalira ena ndi yapakhomo yosalipidwa, ndipo pa maola 100 aliwonse, oposa 76 amagwira ndi akazi. Mu 2023 bungwe la United Nations linapatula tsiku la 29 Okutobala kuti likhale lokumbukira ntchito yosamalira ndi kuthandiza anthu. Kukumbukiridwa n'kwabwino, koma sikutembenuza wodwala pakati pa usiku. Foninso siingamutembenuze. Zimene foni imatha ndi ziwiri: kukumbukira m'malo mwanu, ndi kuchititsa kuti abale ena aone ntchito yonse n'kutengako mbali yawo. Malangizo otsatirawa atsamira pamenepo, ndipo ambiri angatheke ndi foni yomwe muli nayo kale.

Yambani ndi pepala ndi cholembera

Musathamangire kuika mapulogalamu mufoni. Kwa masiku atatu, lembani chilichonse chomwe mwachitira wodwalayo pamodzi ndi nthawi yake: kusambitsa, kudyetsa, kumwetsa mankhwala, kutembenuza, kuperekeza kuchimbudzi, kuimbira kuchipatala, ngakhale kuyankha mafoni a abale ofunsa kuti "wagona bwanji?" Mudzadabwa kutalika kwa mndandandawo.

Kenako gawani zomwe mwalembazo patatu. Pali ntchito zofuna manja a munthu amene ali pomwepo. Pali zofuna kukumbukira basi. Ndipo pali zomwe munthu ali kutali angachite pa foni, monga kusungitsa malo kwa dokotala, kulipira mabilu kapena kudziwitsa abale. Gulu lachiwiri mulipereka kwa foni, lachitatu kwa abale. Loyambalo mudzasinthana.

Chachiwiri, ikani mbiri ya wodwala pamalo amodzi

Tsegulani pomwe mumalemba manotsi mufoni n'kulemba tsamba limodzi lokha: dzina la wodwala, tsiku lobadwa, matenda omwe madokotala anapeza, mankhwala kapena zinthu zomwe thupi lake limadana nazo, mankhwala onse amene akumwa ndi mlingo wake, ndi manambala a foni a anthu awiri oti aimbiridwe zikavuta. Pamwamba lembani tsiku lomwe mwalikonza komaliza, chifukwa tsamba lakale limasocheretsa kuposa kusakhala nalo.

Jambulani paketi kapena botolo la mankhwala lililonse, mbali yomwe pali dzina ndi manambala a mlingo. Jambulaninso makalata a kuchipatala ndi zotsatira za kuyeza magazi, muziike mu alubamu yakeyake, zisasakanikirane ndi zithunzi za ana. Ine ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Dokotala atandifunsa mankhwala omwe amayi ankamwa, ndinayankha kuti "aja oyera aang'onoang'ono." Anandiyang'ana mwachifundo n'kundiuza kuti oyera aang'ono ali nawo mashelefu angapo.

Mafoni amakono ali ndi malo olembapo uthenga wa pangozi umene munthu angawerenge foni ili chikhomere. Pa iPhone amautcha Medical ID ndipo uli mu pulogalamu ya Health. Pa mafoni ambiri a Android uli mu Settings, pa mbali ya chitetezo ndi zadzidzidzi. Lembani mufoni ya wodwala, ndiponso mwanu. Mwanumo onjezani mawu akuti: "Ndimasamalira munthu wosatha kudzithandiza yekha kunyumba, imbirani nambala iyi." Ambiri sitiganizira kuti ngozi ingagwere ife panjira, wodwala n'kutsala yekha m'nyumba popanda wodziwa.

Chachitatu, tcherani ma alamu

Ndikunena alamu ya foni, osati alamu anu aja, ngakhale nawonso tiwapatsa ntchito posachedwa. Alamu yomwe inabwera kale ndi foni ndi yokwanira, ndipo siifuna intaneti. Chachikulu n'chakuti alamu iliyonse ikhale ndi dzina. Ikalira n'kungoonetsa nthawi, m'maso muli tulo, simudziwa kuti ikufunanji. Lembani dzina la mankhwala, kuchuluka kwake, ndi ngati ndi omwa asanadye kapena atadya. Muitchere kuti izibwereza tsiku lililonse, ndipo ya mankhwala muipatse kaliridwe kosiyana ndi kokudzutsani m'mawa.

Pali lamulo limodzi lomwe linatithandiza kuposa pulogalamu iliyonse: alamu siizimitsidwa wodwala asanameze. Ngati manja ali otanganidwa, dinani poti ilirenso pakapita mphindi zochepa. Mukazimitsa n'kunena kuti "ndikubwera," mwana akalira kapena mlendo akagogoda, basi zapita.

Alamu imakumbutsa, koma siichitira umboni. Funso langa la usiku uja, loti amwa kapena sanamwe, alamu sikanaliyankha. Choncho phatikizani ndi zinthu ziwiri. China ndi kabokosi ka mapilitsi kokhala ndi zipinda za masiku asanu ndi awiri, komwe mumadzaza kamodzi pa sabata. Chipinda chikakhala chopanda kanthu ndiye kuti amwa. Funsani kaye wopereka mankhwala, chifukwa ena safuna kuchotsedwa m'paketi mwake nthawi isanakwane. China ndi kauthenga kakafupi pa gulu la banja, kolembedwa ndi amene wamwetsayo nthawi yomweyo: "Amwa a 8 koloko." Foni imadinda yokha nthawi ya uthengawo, ndipo wolowa m'malo amangoona.

Mapulogalamu apadera okumbutsa mankhwala aliponso, ena amadziwitsa m'bale wachiwiri ngati woyamba sanadine kuti wodwala wamwa. Ndi abwino mankhwala akakhala ambiri. Koma mafoni ena amatseka mapulogalamu otere mwakachetechete pofuna kusunga batire, ndiye muyese kwa masiku angapo alamu wamba ikugwirabe ntchito pambali.

Tcheraninso chikumbutso cha tsiku lokatenga mankhwala ena, kutatsala sabata kuti athe. Kwa wodwala wosatha kudzitembenuza, anamwino kawirikawiri amalangiza kumutembenuza pa maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda za pogona. Imeneyonso ndi ntchito ya alamu, ndipo m'dzina lake lembani mbali yomwe akuyenera kugonera.

Chachinayi, pangani gulu la banja, koma likhale la ntchito

Apa ndi pamene pali phindu lalikulu, ndiponso pamene pamayambira mikangano yambiri. Banja lililonse lili kale ndi gulu la WhatsApp lodzaza ndi mafuno abwino a m'mawa, mavidiyo oseketsa ndi mauthenga oti "tumizani kwa anthu khumi." M'gulu lotere uthenga wa mankhwala umamira. Tsegulani lina, laling'ono, la okhawo amene akugwira kapena kulipirira ntchito. Ofuna kungomva mmene wodwala alili muziwatumizira uthenga umodzi pa sabata m'gulu lalikulu lija, ndipo ntchito yolemba uthengawo mupatse m'bale wina. Mudzaona mmene mafoni ofunsa zofananazo adzachepere.

Musanaike nkhani za thupi la munthu pagulu, mufunseni mwiniwake ngati akutha kuyankha. Ine ndinakhala pambali pa bedi n'kunena kuti, "Amayi, ndikufuna achimwene ndi ena azidziwa za mankhwala anu ndi masiku a kuchipatala. Mukulola?" Anavomera, koma anakana kuti zina zokhudza kuchimbudzi zizilembedwa. Tinamvera. Kudwala sikuchotsa ulemu wa munthu.

Malamulo a gululo akhale ochepa, ndipo alembedwe m'mafotokozedwe a gulu: muno ndi mwa nkhani za chisamaliro zokha, mankhwala ongomva kwa anthu ayi, zithunzi za wodwala zisatuluke. Tsamba la mbiri lija mulikhomerere pamwamba pa macheza. WhatsApp imalola kukhomerera uthenga kwa maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, ndiye muzikonzanso nthawi ikatha.

Tsopano nkhani ya kapemphedwe. Kwa miyezi ndinkalemba kuti "abale, ndatopa, thandizeni," ndipo mayankho ankakhala manja opemphera ndi mawu oti "limbani mtima achemwali." Sindikuti anali ouma mtima. Pempho losatchula chinthu limapatsa aliyense mpata woganiza kuti mnzake ndiye ayankhe. Tsiku lina ndinalemba kuti: "Achimwene, Lachinayi amayi akufunika kuchipatala 9 koloko m'mawa. Mungawatenge ndinu? Mundiyankhe pofika mawa madzulo kuti ndidziwe chochita." Anayankha pasanathe ola. Tchulani munthu, tchulani ntchito, tchulani tsiku, tchulani nthawi yoyankhira. Pakakhala masiku angapo ofuna munthu, gwiritsani ntchito kavoti ka pa WhatsApp, komwe kanayamba mu 2022: lembani masikuwo, aliyense adine lomwe angathe. Tsiku lopanda dzina limaonekera kwa onse, ndipo simufunikanso kudandaula ndi pakamwa.

Abale okhala kutali musawasiye kuti azingotumiza ndalama n'kudzimva olakwa. Alamu anga, omwe amakhala kunja, anatenga ntchito yocheza ndi amayi pa vidiyo theka la ola madzulo alionse. Ndinkaimika foni patebulo, iwo n'kumacheza, ine n'kukasamba mosathamanga. Ankaona nkhope ya amayi tsiku ndi tsiku, moti tsiku lina ndi iwo anayamba kuzindikira kuti akulankhula mofooka kuposa dzulo lake.

Pa kusinthana, wochoka asiye uthenga wa mawu wosapitirira mphindi imodzi: wadya bwanji, wamwa madzi okwanira kapena ayi, wagona bwanji, chachilendo n'chiyani. Mawu ndi osavuta kwa munthu wotopa komanso kwa amene kulemba kumamuvuta. Koma manambala ndi mayina a mankhwala azilembedwa, chifukwa uthenga wa mawu sungaufufuze pakapita mwezi.

Chachisanu, kalendala imodzi ya onse

Ngati ambiri m'banja ali ndi mafoni a intaneti, tsegulani kalendala yogawana, monga Google Calendar, muikemo masiku a kuchipatala, okatenga mankhwala ndi a kusinthana. Ngati zimenezo zikuvuta, jambulani mizere papepala, lembani mayina, litoleni chithunzi n'kuliika pagulu Lamlungu lililonse. Zonse ziwiri zimagwira. Choipa ndi kukhala ndi makalendala awiri osagwirizana.

Chinthu choyamba kulowa mu kalendalayo chikhale kupuma kwanu. Ndikunenetsa, chifukwa osamalira ambiri timaika zathu kumapeto, pomwe malo atha kale. Sankhani theka la tsiku pa sabata, ndipo pambali pake palembedwe dzina la wolowa m'malo. Ikanimonso masiku anu okaonana ndi dokotala. Nthawi yopumayo ikafika, tsekani kulira kwa gulu ndipo siyani nambala imodzi yokha yoti ikupezeni. Mafoni ambiri ali ndi njira yoletsa kusokonezedwa imene imalola anthu osankhidwa okha kudutsa. Popanda zimenezi foni yomwe inabwera kudzakupeputsani imasanduka chingwe chokumangirirani ku bedi la wodwala ngakhale muli kutali.

Chachisanu ndi chimodzi, ndalama zizioneka

Pano sindichulutsa mawu. Risiti iliyonse ijambulidwe tsiku lomwelo n'kuikidwa pagulu. M'bale mmodzi, makamaka wakutali uja, azilemba zolowa ndi zotuluka n'kupereka chiwerengero mwezi ukatha. Zopereka zizidutsa pa foni kapena ku banki kuti pazitsala umboni. Mukatero, funso lopweteka lija lakuti "nanga zija tinatumiza zinapita kuti?" limafa lokha. Lembaninso zomwe wosamalirayo wataya, monga masiku omwe sanapite kuntchito, kuti abale aone kuti amene sanasonkhe ndalama wasonkha zambiri.

Chachisanu ndi chiwiri, zipangizo zoyezera

Musagule chipangizo chifukwa mwachiona pa intaneti. Funsani dokotala kapena namwino kuti n'chiyani chofunika kuyeza kunyumba, kangati, ndipo nambala ikafika pati muthamangire kuchipatala. Yankho la funso lomalizali mulilembe pa tsamba la mbiri lija. Kuyeza popanda kudziwa malire kumangowonjezera nkhawa.

Makina a BP omanga pamkono, pamwamba pa chigongono, ndi odalirika kuposa ambiri omanga padzanja. Wodwala akhale pansi mphindi zisanu asanayezedwe, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli pa msinkhu wa mtima, ndipo asalankhule. Yezani kawiri, kusiyanitsa ndi mphindi imodzi kapena ziwiri. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati BP ndi yokwera ikafika 140 pa 90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, koma malire a wodwala wanu ndi omwe dokotala wake wanena. Ulendo wina tengani makinawo kuchipatala kuti akawayerekeze ndi awo.

Kachipangizo kopana chala koyeza mpweya m'magazi kamanama chala chikazizira, chikamagwedezeka kapena chikhadabo chikapakidwa utoto. Mu 2021 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zakudya ku United States, linachenjeza kuti khungu lakuda lingachititsenso kuti kasayeze molondola, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti kangasonyeze mpweya wochuluka kuposa umene ulipodi. Choncho munthu akamabanika kapena kupuma mothamanga, khulupirirani maso anu, ngakhale nambala ikuoneka yabwino.

Kusunga zotsatira n'kosavuta: jambulani nkhope ya makinawo mukangoyeza. Chithunzi chimasunga tsiku ndi nthawi, ndipo palibe kulakwitsa pokopera. Kamodzi pa sabata wina azisamutsire patsamba limodzi, chifukwa dokotala alibe nthawi yoyendayenda m'zithunzi makumi anayi.

Chachisanu ndi chitatu, kulankhula ndi achipatala

Funso likabwera m'mutu pakati pa sabata, lilembeni mufoni pomwepo. Tsiku la kuchipatala sankhani atatu ofunika kwambiri muyambire amenewo. Dokotala akayamba kufotokoza za mankhwala atsopano, pemphani mwaulemu: "Adokotala, mungalole ndijambule mawu anu kuti ndisaiwale, komanso abale akamve okha?" Musajambule mobisa. Akakana, lembani, kenako muwawerengere zomwe mwalembazo kuti akonze polakwika. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Malangizo odutsa pakamwa pa anthu atatu amafika atasintha mlingo.

Funsaninso ngati chipatalacho chili ndi nambala yofunsirapo kapena njira yoonana ndi dokotala pa vidiyo. Kwa munthu wovuta kunyamula, ulendo umodzi wopewedwa ndi mpumulo waukulu. Ngati pali chilonda kapena chotupa chomwe mukuchiyang'anira, chijambuleni pa nthawi yofanana tsiku lililonse, powala bwino, mutaika rula pambali kuti kukula kwake kuzioneka.

Koma pali nthawi yomwe kulemba uthenga n'kudikira yankho ndi kutaya moyo. Nkhope ikapotoka mbali imodzi, mkono kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, mawu akayamba kusamveka, pachifuwa pakapweteka kwambiri, kupuma kukavuta, kapena munthu akakomoka, imbani nambala ya zadzidzidzi kapena nyamukani. Yang'anani wotchi nthawi yomwe zayamba. Pa sitiroko yobwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha, mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa kawirikawiri pasanathe maola anayi ndi theka, ndiye achipatala adzakufunsani nthawi imeneyo. Gulu la banja mulidziwitsa muli m'njira.

Chachisanu ndi chinayi, maso ndi makutu pamene inu mulibe

Foni yakale yomwe ili m'kabati ingagwire ntchito. Ikani nambala yanu pa batani loimbira mwachangu, muisiye pomwe dzanja lamphamvu la wodwala lingafike. Belu lopanda waya, la mtundu woika pakhomo, limachitanso chimodzimodzi m'nyumba: batani kwa wodwala, cholira kwa inu. Kachipangizo komvetsera mwana ali m'chipinda china kanandilola kugona pabedi langa koyamba patatha miyezi yogona pansi m'chipinda cha amayi.

Za kamera ndili ndi maganizo anga. Imathandiza, makamaka kwa munthu amene amagwa kapena kudzuka usiku, koma chipinda chogona ndi momwe munthu amavulira ndi kusambitsidwa. Musaike mobisa. Wodwala adziwe, aliyense wothandiza adziwe, iloze kukhomo kapena pansi pambali pa bedi, ndipo musinthe nambala yachinsinsi yomwe inabwera nayo. Oonera akhale awiri kapena atatu. Kamera yoonedwa ndi banja lonse imasandutsa wosamalira kukhala wantchito woyang'aniridwa ndi mabwana khumi, aliyense akufunsa chifukwa chake chofunda chapindika.

Kwa munthu wa matenda oiwalaiwala amene amatuluka n'kusochera, pali timawotchi ndi tizipangizo ta GPS tosonyeza pomwe ali. WhatsApp nayo imatha kuonetsa pomwe munthu ali kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, zomwe zimathandiza pa ulendo wa tsiku limodzi. Mawotchi ena, monga Apple Watch kuyambira mu 2018, amazindikira munthu akagwa kwambiri n'kuimba okha ngati sakugwedezeka. Zonsezi zimadalira batire, netiweki, ndi kuti munthuyo avomere kuvala. Kapepala ka dzina ndi nambala ya foni kosokerera m'chovala sikatha moto. Mufoni mukhalenso chithunzi chake chaposachedwa.

Musaiwale zomwe zingam'bwezere wodwalayo mphamvu zodzichitira zinthu, chifukwa chilichonse chomwe achita yekha chachoka pamsana panu. Kulitsani zilembo ndi mawu a foni yake. Kwa wosaona pali TalkBack pa Android ndi VoiceOver pa iPhone, zomwe zimawerenga zolembedwa mokweza, komanso Be My Eyes, yomwe inayamba mu 2015, imene imalumikiza wosaona ndi munthu wongodzipereka kuti amuonere kudzera pa kamera. Kwa wosamva pali Live Transcribe ya Google, ya mu 2019, yosandutsa mawu olankhulidwa kukhala zilembo, ngakhale siidziwa zilankhulo zonse. Amayi anga chomwe anakonda koposa chinali chapafupi: nyimbo za pa utsikana wawo, zomwe mdzukulu wawo anawasonkhanitsira. Zikamalira, kusamba kunkayenda popanda kulimbana.

Chakhumi, phunzirani, koma sankhani mphunzitsi

Palibe amene anatiphunzitsa kunyamula munthu wamkulu osathyoka msana. Pemphani namwino kapena katswiri wa mafizo akuonetseni, ndipo wina ajambule vidiyo iye akuchita pa wodwala wanu yemweyo, ngati onse alola. Vidiyo imeneyo imaposa zana za pa YouTube, ndipo aliyense wobwera kudzathandiza angaionere.

Anthu a matenda oiwalaiwala pa dziko lonse ndi oposa 55 miliyoni, ndipo kwa owasamalira WHO inatulutsa mu 2019 maphunziro otchedwa iSupport. Ali ndi zigawo zisanu: kudziwa matendawo, kukhala wosamalira, kudzisamalira wekha, chisamaliro cha tsiku ndi tsiku, ndi kuthana ndi kusintha kwa khalidwe. Buku lake limapezeka mwaulere pa tsamba la bungweli, ndipo mayiko angapo analimasulira m'zilankhulo zawo.

Magulu a pa intaneti a osamalira anzanu ndi mankhwala a kusungulumwa. Kulemba 2 koloko usiku kuti "lero ndinamukalipira ndipo ndikudzida," wina n'kuyankha kuti "nanenso dzulo," kumatsitsa mtima. Koma m'magulu momwemo mumadutsa ogulitsa mankhwala ochiza chilichonse. Aliyense wokuuzani kuti musiye a kuchipatala, kapena wofuna ndalama mwachangu, mutalikireni.

Mapulogalamu a AI oyankha mafunso, monga ChatGPT, angakuthandizeni kumasulira mawu ovuta a m'kalata ya kuchipatala, kukonza ndandanda ya kusinthana, kapena kulemba uthenga wovuta kwa m'bale popanda ukali. Amalakwitsa, ndipo amalakwitsa molimba mtima ngati akudziwa. Musawafunse mlingo wa mankhwala kapena ngati mungasiye ena, ndipo musaikemo dzina ndi manambala a wodwala.

Chomaliza, tsekani zitseko ndipo konzekerani tsiku lomwe foni idzafe

Foni yanu tsopano yanyamula zinsinsi za munthu wina. Ikhale yokhoma. Pa WhatsApp tcherani chitetezo chachiwiri cha manambala asanu ndi limodzi, ndipo nambala iliyonse yobwera pa meseji musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera kuchipatala kapena ku banki. Akuba amakonda mabanja a odwala chifukwa amadziwa kuti ndi otopa ndiponso amantha. Uthenga ukabwera woti "tumizani ndalama msanga, zavuta," imbani kaye pa nambala yomwe mukuidziwa. Wodwala nayenso muuzeni zimenezi, ndipo munthu akasiya kuthandiza muchotseni pagulu ndi pa kamera.

Foni imagwa m'madzi, imabedwa, magetsi amazima. Khalani ndi batire yapadera yotchajira, yodzaza nthawi zonse. Zithunzi za makalata zisungidwenso kwa m'bale wachiwiri. Tsamba la mbiri ndi ndandanda ya mankhwala zilembedwenso papepala ndi zilembo zazikulu, limodzi limatidwe kukhoma pafupi ndi bedi, lina likhale m'chikwama chopita nacho kuchipatala.

Zonsezi musaziyambe tsiku limodzi. Sabata yoyamba chitani tsamba la mbiri ndi ma alamu, yachiwiri gulu ndi kalendala, zinazo zizibwera vuto lake likaoneka. Pakatha mwezi khalani pansi mufunse za chilichonse: kodi ichi chandichotsera ntchito kapena chandiwonjezera? Ife tinayesa pulogalamu ina yokongola yofuna kuti tizilemba chilichonse chomwe amayi adya ndi kumwa, m'mabokosi khumi ndi awiri pa tsiku. Inatha masiku asanu ndi anayi, ndipo amene ankadzaza mabokosiwo pakati pa usiku ndinali ine ndemwe. Tinaichotsa. Zomwe zinatsala mpaka lero ndi ma alamu asanu, kabokosi ka mapilitsi, gulu la anthu asanu ndi mmodzi, ndi Loweruka masana pomwe pa kalendala palembedwa dzina la achimwene.